Boti Lopopa la Malemu Gwaza

Bambo, munkati nthano siyamba popanda wovomera. Lero wovomera palibe. Amene akanavomera ali m'makwawo, akuti mayendedwe anavuta. Ndiye vomerani inuyo komwe muliko, ine ndiyambe.

Padangotero, kalekale nyama zisanaphunzire manyazi, ndipo mpaka pano sizinaphunzire, panali katumbu wina wokalamba dzina lake Gwaza. Anali msodzi. Njira ya kunyumba kwake aliyense ankaidziwa, makamaka ndiwo zikavuta. Ankabwera ndi moni wautali ndi mbale yobisa kumbuyo, ndipo Gwaza sankabweza munthu. Mkazi wake anatsogola kale, namusiyira mwana mmodzi wamwamuna, Sadyeka, amene anakula mpaka kumera ndevu akuona nsomba zambiri zikutuluka pakhomo kuposa zolowa mumphika wawo.

Ukalamba utafika m'mapewa, nkhafi inayamba kumulemera Gwaza. Bwato lake lakale nalonso linang'aluka. Ndiye anayamba kusonkhanitsa zinthu pang'onopang'ono. Kunabwera boti lamphira, lopopa ngati chubu cha galimoto, pamodzi ndi pampu yake yopondera. Kunabwera kainjini kamagetsi, kamwendo umodzi, kosamwa petulo. Pomaliza kunabwera batire, ndi sola yolidyetsa dzuwa, imene anaikhoma padenga.

"Kainjini aka sikakuwa, kamanong'ona," ankamuuza mwana wake. "Umakoka mbedza kumbuyo, nsomba osadziwa kuti wafika."

Panatsala chinthu chimodzi. Injini singamangidwe pamphira, mabawuti ake amafuna cholimba choti alume. Choncho Gwaza ankasema thabwa la mlombwa loti likhale kumbuyo kwa boti. Posema ankaimba nyimbo yake imodzi yomweyo, yapansipansi, yonyengerera boti kuti liyende mwakachetechete. Kumapeto kwa mzere uliwonse nyimboyo inkafunsa ngati wodya nsomba amadziwa kuzizira kwa madzi, ndipo wovomera ankayankha ndi liwu limodzi lokana. Wovomerayo nthawi zonse anali Sadyeka. Odikira nsomba pakhonde ankangoyasamula.

Thabwa litatsala kuboola, Gwaza anadwala, namwalira.

Manda a akatumbu ali pachilumba. Uthenga unapita konsekonse. Mtembo anauika pamtolo wa bango, Sadyeka akukankha uku akusambira. Kumandako anapezako a Nkhanu, mdzukulu wokumba manda amene ankakhala konko, achule oimba, ndi mbalame zingapo zam'madzi. Atakwirira, anaimika nkhafi ya malemu pamtumbira.

Akuluakulu sanabwere, koma sanaiwale kutumiza mawu. A Njiri, amene ankadzitcha mng'ono wa malemu, anati mayendedwe avuta. A Nyani, mkulu wa mpingo, anati apempherera kunyumba, popeza pemphero limawoloka madzi popanda bwato. A Nungu, tcheya wa komiti ya padoko, anati komiti ili pamsonkhano wokambirana momwe ingathandizire pamaliropo.

Tsiku lometa linafika. Limeneli limachitikira kumudzi, ndipo ndi tsiku logawa katundu wa malemu. Mame asanaume, atatu aja anali atakhala kale pakhonde. Miyendo inali itachira.

"Mwanawe, pepa," anatero a Njiri. "Boti lili kuti?"

Musandifunse kuti njiri inakhala bwanji mng'ono wa katumbu. Gwaza ali moyo palibe anafunsa, popeza ubalewo unkathera pambale ya nsomba.

"Lili m'nyumba, Bambo aang'ono," anayankha Sadyeka. "Bambo ankati ndi langa."

"Ankati? Kwa ndani? Mwambo ukuudziwa iwe. Mwana ndi wa kwa mayi ake. Katundu wa bambo amabwerera kwa abale a bambo."

"Kwa mayi anga kulibe wotsala."

"Ndiye ukapezako malo ambiri."

Katundu atatulutsidwa panja, chisoni cha akuluakulu chinakula. A Njiri anagwira chingwe cha boti nati magazi ndi magazi. A Nyani anati malemu analonjeza kwa Mulungu, ndipo woyandikira Mulungu pamalopo anali iwowo. A Nungu anati chilichonse choyandama ndi cha komiti. Anatsala pang'ono kumenyana pamaso pa wamasiye.

"Mtendere, abale," anatero a Nyani potsiriza. "Tili pachisoni. Tigawane mwachikondi, monga timagawira mbuzi."

Anagawadi monga mbuzi. A Njiri anatenga thunthu, ndiye boti ndi pampu yake. A Nyani anatenga mwendo, ndiye injini. A Nungu ananyamula batire, nati chakuda cholemera chotere ndi chiwindi, ndipo chiwindi chimadyedwa ndi tcheya. Sola padenga anaiyang'ana, nagwirizana kuti ndi zenera limene nkhalamba inakhoma posokonezeka mutu.

"Nanga mwanayu?" anafunsa a Nkhanu, amene anawoloka kudzameta anamfedwa.

A Njiri anakankha thabwa lija ndi phazi. "Atenge ichi. Azikhalira akamalira."

Sadyeka anagwada, naomba m'manja katatu mwaulemu wonse. "Zikomo, makolo anga. Mwandikumbukira."

Atachoka, a Nkhanu anamuyandikira chammbali, monga amayendera. "Iwe, wangowayang'ana? Bambo ako anasala ndiwo chifukwa cha boti limeneli."

"Mbuzi yogawa aliyense amakaphika kwawo, a Nkhanu. Ndikufuna ndione akaphika bwanji boti."

Anatenga choboolera cha bambo ake, nakhala pansi ndi thabwa lake.

Woyamba kuphika anali a Njiri. M'mawa wina anakokera boti padoko, atavala chipewa chimene anagawanso tsiku lija.

"Mwanawe, nkhafi ili kuti?"

"Ili pamanda, Bambo aang'ono. Mukanabwera mukanaiona."

"Usandiphunzitse. Miyendo ndili nayo."

Anakwera, nakhala kumbuyo kwenikweni monga amakhalira mabwana, mphuno ya boti n'kuloza kumwamba. Boti lopopa ndi lopepuka, mphepo imalisewera ngati tsamba. A Njiri akapalasa ndi chiboda chakumanja linkazungulira kumanzere, akapalasa ndi chakumanzere linkazungulira kumanja. Sadyeka analowa m'madzi mwakachetechete, napita pansi pa boti, naligwira chingwe ndi mano. Analizunguza, nalilozetsa kuchilumba, nalikoka pang'ono. A Njiri akalitembenuza, iye ankalilozetsanso komweko.

"Mayo! Ndithandizeni! Ndili ndi ana!"

Sadyeka atatopa nawo, anawakankhira m'bango. Pamene a Njiri ankatuluka akukwawa, matope mpaka m'makutu, anapeza Sadyeka atakhala pathabwa lake padoko, akuimba nyimbo ya bambo ake ija yofunsa za kuzizira kwa madzi.

"Wanyowa ndi chiyani iwe?"

"Ndi misozi, Bambo aang'ono. Koma mwaona kumene limaloza botilo?"

"Ndi mphepo."

"Mphepo imawomba cha uku. Boti limaloza cha uko, kumanda. Kaya, ine ndine mwana, sindidziwa. Koma ngati likufuna mwini wake."

A Njiri anayang'ana kuchilumba. "Usauze munthu."

"Ndingauze ndani? Abale anga onse ndinu."

Wachiwiri anali a Nyani. Iwo anali ataonapo mainjini a mabwato aakulu, ndipo ankadziwa kuti injini imamwa petulo ndipo imadzutsidwa ndi chingwe. Anamangirira kainjini kaja pabwato long'aluka la malemu, nabwera ndi botolo la petulo. Anafuna pothira. Anakatembenuza, anakasuzumira kunsi, anakanunkhiza. Anafuna chingwe chokoka, osachipeza. Atathedwa nzeru anaitanitsa Sadyeka.

"Mwana wanga mwa Ambuye, kanthu aka pakamwa pake ndi pati?"

Sadyeka anakazungulira, nagwira pakamwa pake iye mwini. "Ha! Katseka?"

"Katseka chiyani?"

"Bambo ali moyo kanali ndi pakamwa apa. Kankamwa bwinobwino, mpaka kubwiza."

"Usaname, ndine mkulu wa mpingo."

"Ndinganame pamaso panu? Kakusala, Akulu a mpingo. Kali pamaliro. Enafe tinamasula, koma iko kakudikira amene sanafike."

A Nyani anavula jekete. Anasanjika manja painjini, nadzudzula mzimu wa kusamvera, mzimu wa ulesi, ndi mzimu wa kusalemekeza atsogoleri. Anapotokola chogwirira uku ndi uku. Kainjini kanangokhala duu, mawaya ake awiri akulendewera opanda polumikiza. Sadyeka anakhala pambali naimba nyimbo ija, ndipo pofika pafunso lija anasiya mpata wa wovomera. A Nyani sanadziwe choyankha, ngakhale anaimva nyimboyo zaka zonse ali pakhonde ndi mbale yawo. Anangoti amen.

Wachitatu anali a Nungu. Iwo za nsomba sanazifulumirire. Analumikiza wailesi kubatire, naiika pabwalo kuti mudzi wonse udziwe kuti tcheya ali ndi magetsi. Inalira usana, inalira anthu akugona, inalira ngakhale eni ake atapita kumunda. Tsiku lina mawu ake anayamba kutsika. Anatsika, nayamba kukokoma, kenaka zii.

Sadyeka ankadutsa pamenepo, thabwa lake lili m'khwapa. Anaima, naligwetsa pansi.

"A Tcheya, yatha bwanji wailesiyi? Inayamba n'kulankhula pansipansi?"

"Eya."

"Kenaka kukokoma, ngati pakhosi pali chinthu?"

"Wadziwa bwanji?"

"Ndi momwe anathera mawu a bambo. Ndendende. Mukanabwera kudzazonda matenda mukanazindikira nokha."

Minga ya a Nungu inaima yonse. "Komiti inali ndi ndondomeko yodzazonda."

"Ndikudziwa, a Tcheya. Bambo ndiwo analakwa, anafulumira."

Anatola thabwa lake napita akuimba, ndipo a Nungu analitulutsa batire m'nyumba, naligoneka kukhola la nkhuku.

Chinsinsi cha akuluakulu sichichedwa kuwola. Aliyense anapita kwa mnzake kukafunsa mozungulira ngati gawo lake likuyenda bwino, ndipo aliyense anapeza mnzake maso ali ofiira ndi kusagona. Mapeto ake anabwera onse atatu pakhonde lija, ulendo uno opanda mbale.

"Mwanawe," anayamba a Njiri, "bambo ako anali munthu wabwino, koma akuonjeza."

"Tichite chiyani kuti atisiye?" anafunsa a Nungu.

"Inu ndinu eni mwambo, ine ndingakuuzeni chiyani? Ndimangomva kuti amene sanafike pamaliro amapita kukaona manda, naponya dothi lake, napepesa. Akatero katundu amamasuka."

"Mayendedwe," anatero a Njiri mwachizolowezi.

"Mayendedwe muli nawo, Bambo aang'ono. Mwangowagawana."

Anayang'anana. Anakambirana nthawi yaitali, nagwirizana kuti aliyense abweretse gawo lake, koma mongobwereketsa, ndipo pobwera kumanda aliyense atenge chake. A Nyani anapemphera kuti pasapezeke wakuba pakati pawo.

Batire, Sadyeka anati liyambe lagona pakhomo pa mwini wake kuti lipepese. A Nungu analisenza okha mpaka kunyumba ya malemu. Sadyeka analilumikiza ku zenera la nkhalamba lija, ndipo linapepesa padzuwa mpaka linakhuta.

Tsiku la ulendo, akuluakulu anati amanga okha, mwana asagwire katundu wa eni. A Njiri anaponda pampu mpaka thukuta linatsikira m'maso.

"Basi, Bambo aang'ono, lakwana."

"Boti la munthu wamkulu lizilira ngati ng'oma."

"Dzuwa likakwera limawonjezera lokha mpweya. Likaphulika tili pakati, ine ndimasambira. Kaya inu."

A Njiri anachotsa phazi papampu.

A Nyani ananyamula injini naikoleka pamphira kumbuyo kwa boti. Inagwa khosi ngati nkhuku yozinga. Anaidzutsa, inagwanso. Anayamba kumanga mabawuti ndi mphamvu zonse, chitsulo chikulowa mumphira, boti likulira ngati kamwana ka mbuzi. Pamenepo mtima wa Sadyeka unadumpha zenizeni, popeza kamodzi kokha kanatsala kuti ntchito yonse ya bambo ake ithere mumpweya.

"Imani! Mukumupweteka!"

"Ndani?"

"Bambo! Simukumva akulira?"

A Nyani anataya manja ngati agwira moto. Sadyeka anamasula mabawuti, nasisita pamene panaluma chitsulo. Sipanabooke. Anapuma, natenga thabwa lake, loboola kale bwinobwino.

"Ichi ndi chija munandipatsa chokhalira. Injini imaluma apa, osati pamphira. Koma ndi gawo langa, makolo anga. Likakwera thabwa, ndakwera ine, ndipo wokhala pafupi ndi thabwa ndiye amagwira chogwirira."

"Woyendetsa ndi wantchito," anatero a Nungu. "Komiti yavomereza."

Sadyeka anamangirira thabwa kumbuyo kwa boti ndi malamba, nalikoka kuona ngati likugwedera. Anakoleka injini, mabawuti naluma mlombwa. Anatsitsa mwendo wake mpaka timapiko tozungulira tinamira m'madzi. Batire analikhazika pakati penipeni nalimanga kuti lisayendeyende, waya wofiira kumutu wofiira, wakuda kumutu wakuda. A Njiri anawauza akhale kutsogolo kuti mphuno ya boti isaloze kumwamba, nawauza kuti kumeneko ndiko kumakhala olemekezeka.

A Nungu anakweza phazi kuti akwere.

"A Tcheya, pepani. Minga."

"Minga yatani? Ndinabadwa nayo."

"Boti ndi mpweya wokhawokha. Mukangoyetsemula tamira."

"Ndiye nditsale?"

"Mukatsala, bambo adziwa kuti mwakananso kachiwiri."

Anabweretsa mphasa. A Njiri ndi a Nyani anawakulunga a Nungu, namanga ndi luzi kumutu, pakati ndi kumiyendo, nawagoneka m'boti mphuno yokha ili kunja.

Sadyeka anapotokola chogwirira.

"Kayatse, mwanawe, dzuwa likukwera," anatero a Nyani.

"Tikuyenda kale, Akulu a mpingo."

Anacheuka. Doko linali kumbuyo, likuchepa. Panalibe utsi, panalibe phokoso, koma kanthu kong'ung'udza pansi pa madzi ngati njuchi ili m'chigubu. Sadyeka anaponya mbedza kumbuyo monga ankanenera bambo ake, ndipo asanafike pakati chingwe chinagwedezeka. Anakoka nsomba yaikulu, yoyamba ya boti limene Gwaza sanalikwerepo. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayamba nyimbo ija, ndipo pafunso paja anasiyanso mpata. M'boti munali akuluakulu atatu amene anakulira pansomba za Gwaza. Palibe anavomera.

"Nsomba imeneyo ndi ya mwini boti," anatero a Njiri.

"Ya mwini injini," anatero a Nyani.

M'mphasa munatuluka mawu osamveka bwino okhudza komiti.

Pachilumba anawalandira a Nkhanu. Mdzukulu amaloledwa kunena chilichonse pamanda, ndipo a Nkhanu sankataya mwayi.

"Ha, mwafulumira! Mukanachedwa pang'ono mukanapeza taika kale. Nanga uyu wam'mphasayu ndi wakuti? Ndikumbe pati?"

"Ndi a Tcheya, ali moyo," anatero Sadyeka.

"Pepani. Ndiye tidikira."

Anawamasula a Nungu, nawatsogolera onse pamtumbira pamene panaima nkhafi. A Njiri anatola dothi pang'ono naliponya mofulumira ngati akuthamangitsa nkhuku.

"Tatha. Tiyeni."

"Bambo aang'ono, mwaiwala kuti bambo anagontha makutu atakalamba? Kapena simunadziwe? Sanamve kanthu. Gwadani, chipumi pansi, mulire mokweza, aliyense atchule dzina lake. Ndipo pamanda sacheuka mpaka malemu atayankha."

"Ayankha bwanji?" anafunsa a Nungu.

"Mudzamva nyimbo yawo."

Anagwada. Poyamba analira mwamanyazi, koma aliyense atamva mnzake anaopa kuti malemu amva wina n'kumasula gawo la wina. Ndiye unasanduka mpikisano.

"Achimwene anga ine! Ndine Njiri, wa bere limodzi! Mwandisiyira ndani ine!"

"Mtumiki wokhulupirika! Ndine Nyani! Ndani adzatipatsanso chambo cha Lamulungu!"

"Komiti yataya mzati! Zilembedwe kuti Nungu analira!"

Sadyeka anabwerera chambuyo, phazi ndi phazi. Anamasula chingwe, nakankha boti, napotokola chogwirira. Ikanakhala injini ya petulo, a Nyani akanalumpha kamodzi n'kugwira chingwe. Koma kainjini ka Gwaza kanangonong'ona, ndipo akuluakulu anali otanganidwa ndi chisoni.

Atafika poti ngakhale nyani sangalumphe, anaimitsa boti nayamba nyimbo. Ulendo uno wovomera anapezeka. A Nkhanu anayankha liwu lokana lija ndi mawu awo okhakhala, naliyankhanso mzere wotsatira.

"Ayankha! Atikhululukira!" anafuula a Njiri, nadzuka, nacheuka.

Anaona boti lili kale pakati pa madzi, Sadyeka ali momwemo.

"Iwe! Bwerera! Boti langa!"

"Injini yanga, mwana wa njoka iwe!"

"Bwerani mudzatenge, makolo anga, aliyense gawo lake," anayankha Sadyeka. "Ine ndangokhala pathabwa langa."

"Utisiya pamanda?"

"Pamaliro amagona, Bambo aang'ono. Ife tinagona. Mphasa ndakusiyirani."

Anagonadi. Sadyeka ankabwera m'mawa uliwonse kudzawedza pafupi ndi chilumba, ndipo sankamumva pofika. Ankangoona ali apo, akukoka nsomba, akuimba, a Nkhanu akuvomera. Ulendo woyamba a Njiri anamulonjeza pampu. Sadyeka anathokoza napita. Ulendo wina a Nyani anamuuza za moto wosatha umene umadikira ana osamvera, ndipo a Nungu anamuchotsa m'komiti imene sanalowemo. Anathokozanso napita. Koma pachilumba panalibe munda wa munthu woti n'kuba, ndipo udzudzu wa kumanda sudziwa tcheya.

M'mawa wina a Nkhanu anamukodola. "Bwera udzamve. Tsopano akulira bwino. Misozi yake yeniyeni, yonyowa."

Sadyeka anayandikira, koma osafika.

"Boti ndi la yani?"

"Ndi lako, mwana wa achimwene."

"Injini?"

"Ambuye anapereka kwa iwe."

"Chiwindi?"

"Komiti yakupatsa," anatero a Nungu. A Nkhanu anawatsina chala. "Ndi chako! Chinali chako kale!"

Aliyense anagwira nkhafi ya pamtumbira nanena mawu omwewo, a Nkhanu ndi achule ali mboni. Atatero Sadyeka anakocheza. Anawakulunganso a Nungu, onse nakwera.

"Ulendowu ndi waulere," anatero Sadyeka, "koma ndikaimba muzivomera."

Nyimbo anali ataiphunzira tsopano, popeza pachilumba panalibe china chomvera. Sadyeka ankafunsa ngati wodya nsomba amadziwa kuzizira kwa madzi, ndipo akuluakulu atatu ankayankha pamodzi liwu lokana lija, mokweza, mzere ndi mzere, njira yonse. Sananenepo zoona zambiri chotero chibadwire.

Doko litayandikira, boti linaima.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa a Njiri.

"Batire latha, Bambo aang'ono. Wailesi ija inalifoola. Tsikani, mpafupi."

"M'madzi?"

"Kapena tibwerere kuchilumba ndi mphepo. Boti ili mukulidziwa kumene limakonda kuloza."

A Njiri anatsika, madzi n'kuwafika m'khosi, nakuwa ngati akuwazinga. A Nyani anatsika atanyamula jekete pamutu, mano akugundana, pemphero litathawa. A Nungu anagubuduzidwa ndi mphasa yawo, ndipo luzi litamasuka anakwera pamsana pa a Njiri ndi minga yawo yonse kuti asamire.

"Akuzizira?" anafunsa Sadyeka.

Sadyeka anapotokola chogwirira, batire lakutha lija n'kudzuka, boti n'kutembenuka mwakachetechete kupita kokawedza.

N'chifukwa chake mpaka lero njiri imagwada ikamadya, mawondo anazolowera pamanda paja. Nyani sayenda mtunda osacheuka. Nungu ndiye anangosiyiratu kuoneka masana.

Nthano yapsa, ndaiphula, wofuna adye. M'nthanomu anafika pamanda, Bambo, ngakhale mochedwa. Kwathu kuno ndikudikirabe. Thabwa lanu lija ndaboola, ndipo lakwana bwino. Tsopano imvani amene sanabwere kudzakuikani, popeza inu munali chigonere simunathe kuona. Ang'ono anu a Lufeyo, amene munawalerera ana awiri. A dikoni Yotamu. A Esinati a kuchigayo, ndi mbale yawo yobiriwira ija. A Zakeyu ndi komiti yawo yonse. Ndi alamu anu a Jailosi, amene anatuma mwana tikuchokera kumanda, kudzafunsa ngati batire likadali lamoyo.